Tepi Imene Noeline Sanaibweze M'mbuyo

M'tauni yathu ya migodi munalibe munthu amene Noeline Dunstan sanamukalipirepo chifukwa cha tepi. Abusa anakalipiridwa, apolisi anakalipiridwa, ngakhale ine Lorna, amene ndinkamupatsa mapayi a nyama otsala tsiku lililonse, sanandimvere chisoni. Sitolo yake yobwereketsa matepi a kanema inali khoma limodzi ndi bekale yanga, ndiye mawu ake ndinkawamva ndikukanda ufa. Munthu akabwera ndi tepi imene anabwereka, Noeline ankayamba wasuzumira pa kagalasi kake. Akaona kuti lamba wakuda uja waunjikana kumanja, ankadziwa kuti munthuyo waonera mpaka kumapeto n'kungotulutsa, osaibweza m'mbuyo.

"Manja munawasiya kumgodi?" ankatero. "Kabatani kamodzi kokha mpaka kukulemerani? Mukufuna mnzanu akayambe n'kuona wakupha, maliro adzaone pambuyo?"

Anthu ankapepesa ngati ana asukulu, mawa lake n'kubweranso. Tinkamukonda, komanso sitolo ya matepi inali imodzi yomweyo.

Noeline anakulira m'kanema. Atangosiya sukulu analembedwa ntchito ku holo ya kanema ya m'tauni, kulondolera anthu pamipando ndi tochi ndiponso kugulitsa ayisikilimu kanema akafika pakati. TV itafala m'makomo holo ija inatsekedwa, mpaka pano amagulitsiramo mipando ndi matiresi. Anakachapa zovala kuchipatala zaka zingapo, n'kukwatiwa ndi Rex, makaniko wa magalimoto a kumgodi, munthu wabwino mtima koma amene nkhani siimugonera m'mimba. Madeki a vidiyo atafika, Noeline anachita lendi sitolo yakale ya nsapato n'kudzazamo matepi. Ambiri tinati zimenezi n'za miyezi iwiri, ndipo ine ndinali mmodzi wa onenawo. Iye anangopitiriza kukhoma mashelefu yekha.

Shelefu ya pafupi ndi kauntala inali ya makanema akale a ku Amereka, akuda ndi oyera aja, a wapolisi wofufuza milandu amene chipewa chake chinkakhala chopendekera diso limodzi. Kwathu kuno dzina lake lenileni sitinkalitchula, tinkangoti a Chipewa. Makanemawo anali ambirimbiri, koma onse ankayenda njira imodzi. Munthu wolemera amapezeka atafa m'nyumba mwake, abale ndi antchito onse amanama, ndiye kumapeto a Chipewa amawasonkhanitsa pabalaza, n'kutseka chitseko, n'kuloza mmodzi. Achinyamata sankawakhudza n'komwe. Noeline ankawasungira bambo ake, a Merv Penhall, ndipo pakati pa shelefuyo anasiyapo dala mpata wa tepi imodzi imene inalibe.

Nkhani ya mpata umenewo tonse tinkaidziwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, a Merv ndi mng'ono wawo Clarrie anali anyamata ogwira ntchito pansi pa mgodi. Loweruka lina masana anapita ku holo kukaonera a Chipewa, ndipo monga mwa nthawi zonse anayamba kukangana kanema ali m'kati. A Merv anati wapha munthu ndi mkazi wake wa malemuyo, chifukwa ankalira mopitirira. Clarrie anati ayi, ndi dokotala wa banjalo, chifukwa ndi yekhayo amene ankadya bwinobwino pamaliro. Anagwirana chanza kuti wogonja agula botolo la mowa. A Chipewa atangotseka chitseko cha pabalaza, lipenga la ngozi linalira kumgodi. Lipenga limenelo likalira, kwathu kuno chilichonse chimaima. Kanema anazimitsidwa, magetsi anayatsidwa, amuna onse n'kuthamangira kumgodi ndi zovala zawo za Loweruka. Abale awiriwa analowa limodzi kukafukula anzawo amene denga linawagwera. Denga linagwanso kachiwiri, ndipo amene anatuluka ndi a Merv okha.

Maliro atatha, kanema uja anali atapita kale kutauni ina. A Merv anakwatira, anabereka Noeline, anaika mkazi wawo m'manda, fumbi la mumgodi n'kuwadya mapapo pang'onopang'ono. Za ngoziyo sankazikamba. Koma akamwa kamowa ankagunda tebulo n'kunena kuti, "Anali mkazi uja. Clarrie ali ndi botolo langa." Tinkaseka, koma aliyense ankamva kuti mkuluyu akadali pampando uja wa mu holo, kudikira kuti magetsi azimenso.

Noeline anaufunafuna kanema ameneyo kuyambira tsiku limene anatsegula sitolo. Ogulitsa matepi a mumzinda wa Adelaide anamuuza kuti ena onse alipo koma ameneyo sanaikidwepo pa tepi. Anafunsa ku Sydney, yankho lomwelo. Aliyense wopita kumzinda ankatumidwa kuti akasuzumire m'masitolo a zinthu zakale. Ine ndinkamuuza kuti, "Mnzanga, ungowauza kuti anali mkazi uja, akondwe. Adziwa bwanji?" Iye ankandiyang'ana ngati ndabweretsa tepi yosabweza.

"Bambo anga sindiwadyetsa bodza," ankatero. "Aona okha ndi maso awo."

Chaka chimene ndikunenachi, mu Okutobala, chifuwa cha a Merv chinafika poipa, ndipo anawatengera kuchipatala ku Adelaide. Madokotala anamuuza Noeline mosabisa kuti Khirisimasi mwina aiona, mwina ayi. Anabwerera kudzatsegula sitolo maso ali ofiira. Sabata yomweyo, akukulunga matepi m'nyuzipepala, anaona patsamba la mapulogalamu a TV kuti kanema uja aonetsedwa Lamulungu masana. Anakuwa mpaka ine ndinatuluka m'bekale ndi mpeni m'manja, kuyesa walumidwa ndi njoka.

Lamulungu anaika tepi yatsopano mu deki ya kunyumba kwake, anadina batani lojambulira, n'kuthawira kwanga kuti asaone mapeto. Lolemba madzulo anandiitana kuti tione ngati zajambulika bwino. Zithunzi zinali zoyera bwino, mawu omveka. Tinaonera malemu akugwa, mkazi akulira, dokotala akudya. A Chipewa atagwira chitseko cha pabalaza, Noeline anaimitsa.

"Apa ndi pamene Bambo anasiyira," anatero. "Kuchoka apa ndipitiriza nawo limodzi."

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali a kuchipatala, kunena kuti a Merv akakamira zoti akafere kwawo ndipo awabweretsa kumapeto kwa sabata. Anapereka foni kwa a Merv eni ake, Noeline n'kuwauza akulira kuti kanema uja wapezeka. Tinakumbatirana, tinamwa tiyi, ine n'kumapita. Tepi inatsala mu deki momwemo. Sanailembe dzina, sanathyole kadzino kapulasitiki kaja kamene ukathyola tepi siijambulikanso, ndipo sanaibweze m'mbuyo. Mayi amene anakalipira tauni yonse uja!

Tsoka silinunkha. Mawa lake linali Lachiwiri loyamba la Novembala, tsiku la mpikisano wa akavalo wa ku Melbourne, pamene dziko lathu lonse limasiya ntchito n'kuyang'ana TV. Rex anathamangira kunyumba masana, ndipo pofuna kudzaoneranso kavalo wake anaona tepi yopanda dzina mu deki n'kudina batani lofiira. Anajambula akavalo akuonetsedwa, akuthamanga, mpaka akuluakulu akupereka chikho.

Zinadziwika Lachitatu. Noeline anati aone ngati tepi ikadali pamalo paja asanaisunge. Anaibweza m'mbuyo, a Chipewa n'kuoneka akutseka chitseko. A Chipewa anatembenuka, anatsegula pakamwa, kenako akavalo. Ine ndinali pomwepo, ndipo Rex anali pakhomo la khitchini ndi buledi m'manja.

"A Rex," anatero Noeline motsitsa mawu, "akavalowa alowa bwanji pabalaza pa anthu?"

"Mayi, inalibe dzina. Ndimayesa ndi yopanda kanthu. Kadzino kanali pomwepo, ndiye ine ndinati..."

"Khalani chete."

Ndinkayembekeza kuti denga lisasuka, koma Noeline anangokhala pansi n'kuyang'ana akavalo aja mpaka anatha. Kenako anati, "Ndikanaibweza m'mbuyo, akavalowa akanadya poyambira, pamene Bambo akupadziwa kale. Wolakwa ndine." Zinandimvetsa chisoni kuposa akanakalipa. Ndinamugwira phewa n'kunena zimene munthu amanena zikatere, kuti madzi akatayika saoleka.

"Awa ndiwaola," anayankha.

Anaimbira a TV, iwo anati kanema akaonetsedwa amatha zaka asanabwerezedwe. Ndiye anayamba kufunsa aliyense wolowa m'sitolo ngati anajambula kanema wa Lamulungu masana. Nkhani inali itawanda kale, poti Rex anali ataiulula yekha kumalo omwera mowa. Anthu amene anakalipiridwa zaka zonse zija anapeza pobwezera.

"Mwati simunaibweze m'mbuyo? Inuyo, mayi Dunstan? Manja munawasiya kuti?"

Noeline ankangonena kuti, "Sekani, mukatha mundiyankhe. Munajambula kapena ayi?" Palibe amene anajambula. Lamulungu limenelo kunali kotentha, ndipo theka la tauni linali kudziwe losambira.

A Merv anafika Loweruka, ataonda ngati ndodo, ndi silinda ya mpweya pambali ndi timapaipi m'mphuno. Asanakhale n'komwe anafunsa za tepi. Noeline anagwada pafupi ndi mpando wawo n'kuwauza zonse. Mkuluyo anatembenukira mkamwini wake.

"Iwe Rex, kavalo wakoyo anapambana?"

"Ayi, Bambo. Anali kumbuyo kwenikweni."

"Ndiye wandiphera kanema chifukwa cha bulu?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Chitawasiya anagwira dzanja la Noeline. "Zisiye, mwanawe. Posachedwapa ndimupeza Clarrie, tikapitiriza kukangana konko."

"Ayi, Bambo. Mukapita, mupita ndi yankho."

Masabata anadutsa, a Merv akucheperachepera. Noeline ankatseka sitolo masana n'kumayenda khomo ndi khomo m'dzuwa lija, mpaka kunyumba za okalamba ndi kwa masisitere. Ine ndinamuuza kuti akudzizunza, kuti nthawi imeneyo bwenzi atakhala pambali pa bambo ake. Anandiyankha kuti pambali pawo amakhalapo m'mawa ndi madzulo, ndipo chimene amaona m'maso mwawo ndi chimene chimamutulutsa panja.

Thandizo linabwera ndi Neville, woyendetsa lole ya makalata kumafamu a nkhosa. Anabwera kudzagula mapayi kwa ine n'kumva tikukambirana. Anati pali mayi wina dzina lake Dulcie, wophikira gulu la ometa nkhosa, amene amajambula kanema aliyense wa masana kuti anyamata ake azionera akaweruka, asamapite kukaledzera. Vuto linali lakuti ometa nkhosa sakhala pamodzi. Akatha famu ina amapita ina, ndipo Neville anawaona komaliza chakumpoto, kupitirira pamene tara amathera.

M'mawa mwake tinanyamuka pa pikapu ya Rex. A Merv tinawasiya ndi nesi wa m'dera lathu, ndipo bekale ndinatseka koyamba chiitsegulireni. Rex ankayendetsa osayankhula, zimene sindinazionepo. Pafamu yoyamba anatiuza kuti ometa anachoka dzana. Pafamu yachiwiri tinapeza ubweya wokhawokha ndi agalu. Fumbi lofiira linatilowa m'mano, tayala linaphulika, Rex analisintha manja akupsa ndi chitsulo. Ndinati tibwerere, mafuta angatithere m'tchire. Noeline anangoloza kutsogolo.

Tinawapeza pafamu yachitatu dzuwa litapendeka. Dulcie anali mayi wamkulu thupi, ndudu pakamwa, akusenda mbatata zodzaza ndowa. Anamvetsera nkhani yonse osasiya kusenda.

"Mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha kanema wopanda mtundu?" anafunsa. "Anyamata anga anagona onse ndisanafike naye pakati. Ali m'katoni umo, ngati sindinajambulepo zina. Maina sindilemba, ndilibe nthawi."

Katoniyo inali yodzaza matepi opanda dzina, onse ndi timano tawo tosathyola. Noeline anatseka maso kaye pang'ono. Tinayamba kuwaika mu deki ya m'chipinda chodyera ometa, imodzi imodzi. Munali mpira, munali nyimbo, munali makanema a anyamata oweta ng'ombe. Tepi ina itangoyamba, tinaona chipewa chopendekera diso limodzi, ndipo Noeline anagwira tebulo.

Koma panali chinanso. Tinayenera kudziwa ngati mapeto alipo, ndipo Noeline analumbira kuti sawaona bambo ake asanawaone. Ine ndinakana, ndinati ndikadziwa nkhope yanga indiulula. Tonse tinayang'ana Rex.

"Ine?" anatero Rex. "Mayi, mukundidziwa ine."

"Ndikukudziwani. Muonera mpaka alembe kuti kanema watha. Mukatuluka mungogwedeza mutu. Mukatsegula pakamwa pano mpaka kunyumba, mukagona kugalaja mpaka chaka chamawa."

Tinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa khola, Noeline atatseka makutu ndi zala ngati mwana. Patapita nthawi Rex anatuluka, maso ali tong'o, milomo ataikanikiza. Anagwedeza mutu. Noeline analowa, anaibweza tepi mpaka kumayambiriro, n'kupempha Dulcie mpeni wosendera mbatata uja. Anathyola kadzino, n'kukaika m'thumba la malaya ake. Dulcie anakana chilichonse, anangoti tepi ikatha ntchito tiipereke kwa Neville, komanso timutumizire mapayi.

Kutentha kwa kuno kumasungunula tepi ikakhala m'galimoto, choncho Noeline anaikulunga m'pulasitiki ndi thaulo n'kuiika m'bokosi la ayezi la Rex, mowa wake n'kuutulutsa kuti utenthe. Rex sanadandaule. Tinagona pafamupo n'kubwerera m'mawa, ndipo ulendo wonse Rex ankatukuta, kutsegula pakamwa n'kutsekanso. Pena anati, "Koma ndiye anthu ndi oipa, inu," Noeline n'kumuponyera diso. Anamaliza ulendowo ataluma chipewa chake.

Tinafika masana. A Merv anali maso, atatsamira mapilo pampando wawo. Noeline anatseka makatani kuti mukhale mdima ngati mu holo, n'kuwafunsa ngati ayambire pachitseko paja.

"Yambira poyambira," anatero. "Ndadikira zaka zonsezi, ndilephera ola limodzi?"

Rex anamutumiza panja kuti nkhope yake isaononge zinthu. Tinaonera atatu. Mkazi uja atayamba kulira, a Merv analoza ndi chala. "Mukumuona? Misozi yogula imeneyo." Dokotala atadzaza mbale pamaliro, anangoti, "Njala si mlandu." A Chipewa anasonkhanitsa anthu pabalaza n'kutseka chitseko, ndipo ndinaona a Merv akupendeketsa mutu ngati akumvetsera china chake kunja. Kunja kunali zii. A Chipewa anayenda pang'onopang'ono, anadutsa mkazi uja, n'kukaima pamaso pa dokotala.

M'chipindamo munangomveka mpweya wa mu silinda. A Merv anayang'anitsitsa mpaka apolisi anamutulutsa dokotala, mpaka nyimbo yomaliza inatha. Kenako anayamba kuseka, misozi ikutsikira pa timapaipi tija.

"Wandidya," anatero. "Kamwana kaja kandidya. Kudya pamaliro! Noeline, itana mwamuna wako. Tipite."

"Kuti, Bambo? Nesi anati musatuluke."

"Nesi sanabetche. Ndili ndi botolo la mwini."

Noeline sanatsutsenso. Rex anawanyamula ngati mwana n'kuwaika kutsogolo kwa pikapu, silinda pakati pa miyendo, ine ndi Noeline kumbuyo. Tinaima pogulitsira mowa. Rex anati alowe agule, koma a Merv anakana, anati wogonja ndi amene amagula, ndipo anatulutsa okha chikwama chawo. Wogulitsayo anawabweretsera botolo lalikulu pawindo la galimoto.

Manda athu ali kuseri kwa milu ya miyala ya kumgodi, dothi lofiira lopanda udzu. Mwala wa Clarrie unali utafufutika, koma dzina linkawerengeka. Tinawakhazika a Merv pampando wopinda. Manja awo analephera kutsegula botolo, Noeline n'kuwatsegulira, koma kuthira anathira okha, pang'onopang'ono, thovu likulowa m'dothi.

"Anali dokotala, mphwanga," anatero. "Unalondola. Ndachedwa nalo, koma nali."

Anasiya pang'ono pansi pa botolo n'kumwa, ngakhale madokotala anawaletsa. Rex ankalira poyera, chipewa chake cholumidwa chija chili m'manja. Noeline anaima kumbuyo kwa bambo ake atawagwira mapewa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Adelaide nkhope yake inamasuka.

Pobwerera kugalimoto, a Merv ali m'manja mwa Rex, anatembenuza mutu.

"Noeline, tepi ya mwiniyo waibweza m'mbuyo?"

"Ndikaibweza tikafika, Bambo."

"Ukaibweze. Wina asadzayambire kumapeto."

Khirisimasi sanaione. Tinawaika pafupi ndi Clarrie sabata yachiwiri ya Disembala. Tepi ya Dulcie inabwerera ndi Neville pamodzi ndi katoni ya mapayi, ndipo pampata uja wa pashelefu Noeline anaikapo ya akavalo ija.